Aphunzitsi a masabata asanu: njira zachidulezi zimapindulira mwana wa ndani?

Nachisale: Moni aphunzitsi anzanga. Nkhani ya kuchepa kwa aphunzitsi ikangobuka, sipalephera wina wonena kuti bwanji tingotenga achinyamata a madigiri omwe ali pa ulova, tiwaphunzitse mwezi umodzi, tiwatumize kumidzi monga amachitira a Teach For America. Komatu ku America komweko pulogalamuyi yakhala ikukanganitsa anthu kwa zaka zoposa 30. Amene mukuidziwa bwino tatiuzani momwe imayendera, ndi chomwe otsutsa amadandaula nacho kwenikweni.

Mwale: Anachisale, mwachita bwino kufunsa zamkati. Maganizo ake anachokera kwa Wendy Kopp, yemwe anawalemba m'pepala lake lomalizira digiri ku Princeton mu 1989, ndipo gulu loyamba linalowa m'makalasi mu 1990. Kwa zaka zambiri zinkayenda motere. Amapita m'mayunivesite otchuka kukakopa omaliza digiri omwe akhoza bwino, ambiri mwa iwo osaphunzirapo zauphunzitsi. Osankhidwawo amawasonkhanitsa pa holide yaitali kwa masabata asanu. M'mawa amaphunzitsa ana a sukulu yapaholide, masana ndi madzulo amaphunzira kulemba lesoni pulani ndi kasungidwe ka kalasi. Koma kalasi imodzi amagawana anthu atatu kapena anayi, ndiye aliyense amaima pabolodi ola limodzi kapena awiri patsiku, pamaso pa ana ochepa. Sukulu zikatsegulira, munthu yemweyo amapatsidwa kalasi yakeyake tsiku lonse, m'dera la anthu osauka, atalonjeza kukhala zaka ziwiri. Satifiketi yauphunzitsi amaiwerengera madzulo, akuphunzitsa kale. Malipiro amalandira ku ofesi ya maphunziro ya deralo ngati mphunzitsi wina aliyense wongoyamba kumene, ndipo pamwamba pake ofesiyo imapereka ku bungweli madola masauzande angapo pa mphunzitsi aliyense chaka ndi chaka.

Dandaulo loyamba analilemba kale Linda Darling-Hammond, katswiri wa zamaphunziro ku America, mu 1994: mwana yemwe akusowa zambiri ndi amene akupatsidwa mphunzitsi wokonzekera pang'ono. Makolo olemera sangalole kuti munthu aphunzirire ntchito pa mwana wawo.

Gama: A Mwale, zonsezo ndi zoona, koma tisabise mbali inayo. Pa kafukufuku yemwe anatuluka mu 2004, bungwe lofufuza la Mathematica linagawa ana mwamaere m'sukulu zomwezo, ena kwa aphunzitsi a Teach For America, ena kwa aphunzitsi ena. Pa masamu ana a Teach For America anapitirira anzawo ndi zomwe zingafanane ndi mwezi umodzi wa maphunziro. Pa kuwerenga panalibe kusiyana. Mu 2013 bungwe lomwelo linaunikanso aphunzitsi a masamu a kusekondale, zotsatira zake zinali zokomeranso pulogalamuyi. Ngati munthu wa masabata asanu akufanana kapena kuposa wa zaka zinayi za koleji, funso lipitenso kwa makolejiwo. Akuphunzitsa chiyani zaka zonsezo?

Nabanda: Bambo Gama, funso lanu kwa makoleji ndi labwino, ndipo makoleji ena amathadi chaka akulembetsa manotsi. Koma taonani amene anayerekezedwa nawo mu 2004. Sanali aphunzitsi a m'sukulu zochita bwino ayi. Anali aphunzitsi a m'sukulu zovutika zomwezo, ndipo pakati pawo panali ambiri ongoyamba kumene ndi opanda satifiketi yokwanira. Ana a magulu onse awiri anayamba chaka ali pansi kwambiri ndipo anachimaliza ali pansi ndithu. Darling-Hammond ndi anzake ataunika za ku Houston mu 2005 anapeza kuti a Teach For America omwe analibe satifiketi ankatsalira poyerekeza ndi aphunzitsi a satifiketi, ndipo ankafanana nawo akaipeza. Vuto lake n'lakuti pofika nthawi imeneyo ambiri amakhala akulongedza.

Ndipo kudziwa masamu ndi kwina, kudziwa momwe mwana amasocherera pa masamu ndi kwina. Mpatseni mwana wa sitandade 3 funso la 52 kuchotsa 17. Ambiri amalemba 45. Munthu wa digiri yemwe sanaphunzire kaphunzitsidwe amangochonga kuti walakwa, n'kubwerezanso chitsanzo chomwecho pabolodi mokweza mawu. Mphunzitsi wophunzitsidwa akaona 45 amadziwa pomwepo chomwe chachitika: mwanayo wachotsa 2 mu 7 chifukwa m'mutu mwake nambala yaing'ono ndiyo imachotsedwa mu yaikulu, kenako 1 mu 5. Mankhwala ake si kubwereza. Amatenga timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera, n'kumuuza mwanayo achotse 7. Mwanayo amaona yekha kuti tiwiri sitikukwana, amamasula mtolo umodzi, timitengo tikhala 12, mitolo itsala inayi. Akatero yankho la 35 amalipeza ndi manja ake. Zolakwa zotere zilipo zambirimbiri pa masamu ndi pa kuwerenga, chilichonse ndi mankhwala ake, ndipo sizingakwane m'masabata asanu.

Gama: Pa makalasi ang'onoang'ono ndikuvomera. Pa masamu a fomu 3 ndi 4 ndikanali pomwe ndinali, chifukwa kumeneko vuto lalikulu limakhala mphunzitsi yemwe phunzirolo sakulidziwa n'komwe.

Phiri: Ine ndikufuna tikhazikike pa zaka ziwirizo, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Ofufuza amasiyana pa zambiri, koma amagwirizana kuti mphunzitsi amakula msanga m'zaka zake zitatu mpaka zisanu zoyambirira, ndipo chaka choyamba ndicho chofooka kuposa zonse. Morgaen Donaldson ndi Susan Moore Johnson anatsatira aphunzitsi a pulogalamuyi n'kutulutsa zotsatira mu 2011. Pafupifupi 6 mwa 10 anapitiriza kuphunzitsa zaka ziwirizo zitatha, zomwe ndi zambiri kuposa momwe otsutsa ena amanenera. Koma oposa theka anachoka pa sukulu yomwe anaikidwa zaka ziwirizo zitangokwana, ndipo pofika chaka chachisanu omwe anali pa sukulu yomweyo anali pafupifupi 15 mwa 100 okha.

Tawerengerani zomwe zimachitikira sukulu yolandira asanu chaka chilichonse. Nthawi iliyonse pamakhala asanu a chaka choyamba ndi asanu a chaka chachiwiri. Mwana akhoza kuchoka sitandade 1 mpaka kumaliza pulayimale osakumanapo ndi mphunzitsi wazaka zisanu pantchito. Ahedi chaka chilichonse amayambiranso kufotokoza za rejisitala, za sikimu, za makolo ovuta, za mwana uja samva bwino khutu limodzi ndipo ayenera kukhala kutsogolo. Aphunzitsi akale ochepa otsalawo ndiwo amasenza ongobwerawo, iwonso amatopa n'kupempha transifa. Kafukufuku wa Ronfeldt, Loeb ndi Wyckoff m'sukulu za ku New York, yemwe anatuluka mu 2013, anasonyeza kuti aphunzitsi akamasinthasintha zotsatira zimatsika ngakhale kwa ana omwe mphunzitsi wawo sanachoke.

Nachisale: Koma achimwene, ngati kalasi ilibe mphunzitsi n'komwe, kodi wa zaka ziwiri saposa kusowa? Pagwa khoswe mphaka kulibe, timatani?

Chisale: Achemwali, pomwe palibedi munthu palibe angatsutse. Mkangano unakula pamene pulogalamuyi inayamba kulowa m'mizinda momwe aphunzitsi analipo. Ku New Orleans, mphepo yamkuntho ya Katrina itawononga mzinda mu 2005, ogwira ntchito m'sukulu oposa 7,000 anachotsedwa. Ambiri mwa aphunzitsiwo anali anthu akuda obadwira momwemo, ena atagwira ntchito zaka 20. Sukulu zambiri zinaperekedwa kwa mabungwe oziyendetsa ndi ndalama za boma, zomwe kumeneko amati charter, ndipo zinalemba achinyamata ochuluka ochokera kunja kwa mzindawo kudzera m'mapulogalamu otere. Aphunzitsi akuda anali pafupifupi 7 mwa 10 isanachitike ngoziyo, patatha zaka khumi anali pafupifupi theka. Ku Chicago mu 2013 anatseka sukulu pafupifupi 50 ndi kuchotsa aphunzitsi ambiri, chaka chomwecho akuwonjezera ndalama za mgwirizano ndi Teach For America. Chifukwa chake n'chosabisika. Wongoyamba amalandira malipiro otsika, sakhalitsa mpaka kufika pa giredi yapamwamba, penshoni saifikira, ndipo sakhala ndi mphamvu zokangana ndi ahedi pa maola antchito. Ndiye njira yomwe inabwera kudzatseka mpata inasanduka njira yochepetsera bajeti. Ku Pittsburgh kumapeto kwa 2013 ndi ku Durham mu 2014 makomiti a maphunziro anaukana mgwirizanowo pa zifukwa zonga zimenezi.

Mwale: Ndiwonjezere za lamulo. Lamulo la maphunziro la nthawi ya George W. Bush, la No Child Left Behind, linkati mwana aliyense akhale ndi mphunzitsi woyenerezedwa mokwanira, ndipo makolo adziwitsidwe ngati wa mwana wawo sali wotero. Makolo ndi mabungwe a ku California anapita kukhoti pa mlandu wa Renee v. Duncan, ndipo mu 2010 khoti la apilo linati munthu yemwe akadali pa maphunziro a satifiketi sangawerengedwe kuti ndi woyenerezedwa mokwanira. Mu Disembala chaka chomwecho nyumba ya malamulo inalowetsa ndime mu bilu ya ndalama yoti anthu oterewa aziwerengedwabe. M'malo mokweza mphunzitsi kuti afike pa mlingo, anatsitsa mlingowo. Kholo silinkalandiranso kalata.

Gama: Komabe musaiwale kuti ambiri ochoka m'kalasi amakhalabe m'zamaphunziro. Sukulu za KIPP anaziyambitsa ku Houston mu 1994 Mike Feinberg ndi Dave Levin, onse a Teach For America. Michelle Rhee, nayenso wa Teach For America, anadzatsogolera sukulu zonse za ku Washington kuyambira 2007 mpaka 2010.

Nabanda: Pamenepo m'pamene otsutsa amaloza chala, bambo. Bungwe la Teach For America limanena lokha kuti cholinga chake chachiwiri ndi kupanga atsogoleri. Munthu waphunzitsa zaka ziwiri kapena zitatu, atopa nazo, kenako ndiye akulemba ndondomeko yoyezera mphunzitsi wazaka 25 pogwiritsa ntchito malikisi a mayeso a ana. Uphunzitsi umaoneka ngati ntchito yongodutsirapo popita ku maphunziro a zamalamulo kapena ku ofesi, ndipo mwana wosauka amakhala mlatho.

Nangondo: Akuluakulu, za ku America zamveka, koma tisayankhule ngati kwathu kuno sitinaziyesepo. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ya kupulayimale, ana anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa pafupifupi 20,000, ambiri a JCE, n'kuwapatsa maphunziro a masabata osakwana atatu. Kuti awapatse satifiketi, mu 1997 kunayamba MIITEP mothandizidwa ndi GTZ ya ku Germany ndi World Bank. Papepala inali yokonzedwa bwino: miyezi itatu ku koleji, miyezi 20 pa sukulu akuphunzitsa uku akuwerenga mabuku a pulogalamuyo ndi kulemba ntchito zotumiza, kenako mwezi umodzi kubwerera ku koleji kukakonzekera mayeso omaliza. Makoleji anali asanu ndi limodzi: Karonga, Kasungu, Lilongwe, Blantyre, St Joseph's ndi Montfort. M'miyezi 20 ija wophunzira ankayenera kuonereredwa akuphunzitsa ndi ahedi, ndi a PEA (alangizi a maphunziro a pazoni), ndi alekichala a ku koleji, komanso kupita ku masemina a pazoni.

Chomwe chinagwa ndi gawo la miyezi 20 lomwelo, ndipo ofufuza a MUSTER (kafukufuku wa maphunziro a aphunzitsi), Demis Kunje pamodzi ndi Keith Lewin ndi Janet Stuart, analemba zimenezi momveka. Alekichala sakanatha kuyendera ophunzira ali kumidzi pamene gulu lina ladzaza kale ku koleji, galimoto ndi mafuta palibe. Masemina a pazoni ankalephereka ndalama zikachedwa. M'sukulu zina zakumidzi osaphunzitsidwa ndiwo anali ambiri, ndiye woti alangize mnzake analipo mmodzi kapena awiri, nawonso ali ndi makalasi awo odzaza. Pulogalamu ya zaka ziwiri inasanduka ya miyezi inayi kwa anthu ambiri. Mu 2005 kunabwera IPTE, chaka ku koleji chaka pa sukulu, ndipo mu 2010 ODL yophunzirira uli pantchito.

Phiri: Mayi Nangondo mwafika pamtsempha. Njira zonse zachidule zimagulitsidwa ndi lonjezo limodzi, loti maphunziro ochepa apoyamba adzakwaniritsidwa ndi upangiri wa pantchito. Ndipo upangiriwo ndi umene umayamba kudulidwa, chifukwa suoneka pa chithunzi ndipo umadya ndalama mwezi ndi mwezi. Kuti mentala, mphunzitsi wolangiza wophunzirayo, agwire ntchito yeniyeni pamafunika izi. Akhale ndi mapiriyodi opanda kalasi, apo ayi sangalowe m'kalasi ya wophunzirayo. Aonerere phunziro lonse, osati mphindi khumi. Akambirane tsiku lomwelo, pa chinthu chimodzi chokha, mwachitsanzo kuti akufunsa ana okweza manja akutsogolo okhaokha, ndipo sabata yotsatira adzaone ngati chasintha. Ophunzira asapitirire awiri kapena atatu pa mentala mmodzi. Alawansi yake ifike pa nthawi, chifukwa ikachedwa teremu yonse mafomu amadzazidwa mu ofesi tsiku loti a PEA akubwera.

Kulakwa kwina kofala ndi kugawa makalasi. Aphunzitsi odziwa amapatsidwa sitandade 8 chifukwa sukulu imatchuka ndi mayeso a PSLCE, wongobwera amaponyedwa ku sitandade 1 ndi 2 komwe kuli ana oposa 100, ena pansi pa mtengo. Kumeneko n'komwe kumafunika luso lalikulu. Kuphunzitsa mwana kuti liwu la b ndi la a zikaphatikizana zimapanga ba, n'kudziwa kuti ndi ana ati akuwerengadi ndipo ndi ati akungoimba motsatira anzawo, pamafunika kuloza maphatikizo mosakaniza ndi kufunsa mmodzimmodzi. Wosaphunzitsidwa akamva kalasi yonse ikufuula ba be bi bo bu amakhutira kuti phunziro latheka. Zimadzaululika ku sitandade 4 mwana akulephera kuwerenga chiganizo.

Chisale: Tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe zimasokonezedwa. Pali kulemba munthu wosaphunzitsidwa, pali kulemba wophunzitsidwa pa kontrakiti yotsika. Ku Kenya, Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer anaunika aphunzitsi a kontrakiti m'chigawo cha kumadzulo. Anali anthu omaliza koleji omwe boma linali lisanawalembe, akulandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro a boma. Sankajomba kawirikawiri ndipo ana awo anakhoza bwino. Koma ofufuzawo anaonanso kuti aphunzitsi ena a boma anachepetsa khama wothandizayo atabwera, ndipo malo ena ankaperekedwa kwa achibale pokhapokha komiti ya makolo itaphunzitsidwa kuyang'anira. Pambuyo pake Tessa Bold ndi anzake anayesa njira yomweyo m'dziko lonse, sukulu zina kudzera ku World Vision, zina kudzera ku unduna. Phindu linaoneka ku mbali ya bungwe kokha. Ku mbali ya unduna malipiro ankachedwa, ndipo bungwe la aphunzitsi la KNUT linkamenyera kuti a kontrakiti alembedwe mokhazikika.

Izi zikukhudza aphunzitsi othandizira omwe tili nawo kuno. Ndi anthu omaliza IPTE, satifiketi ali nayo, akudikira kulembedwa. Dziko lomwe lili ndi aphunzitsi ophunzitsidwa atakhala pakhomo zaka silikusowa anthu, likusowa ndalama za malipiro ndi nyumba za aphunzitsi kumidzi. Kubweretsa a masabata asanu pamenepo n'kudumphitsa mzere, monga zinachitikira ku Chicago.

Gama: Pa zimenezo sinditsutsa, kupulayimale mzere ulipo. Nanga ku CDSS komwe Physics ndi Chemistry akuphunzitsa munthu wophunzira uphunzitsi wa kupulayimale, pamene wa digiri ya sayansi akugulitsa mayunitsi m'tauni? Mpata umenewo ndi weniweni.

Nabanda: Ndi weniweni, bambo Gama, ndipo ameneyo alowe, koma alowere pakhomo lomwe limamusunga. Ku Boston kuyambira 2003 ali ndi njira ina. Wa digiri amakhala chaka chathunthu m'kalasi ya mphunzitsi wodziwa, masiku anayi pa sabata, akulandira kangachepe, tsiku lotsalalo ali ku maphunziro. Amayamba ndi kuonerera, kenako kagulu ka ana, kenako phunziro limodzi, mpaka adzagwire kalasi yonse mwini wake ali pomwepo. Akamaliza amalonjeza zaka zitatu mu mzinda womwewo. Imadula kuposa ya masabata asanu chifukwa chaka choyambacho mukulipira anthu awiri m'kalasi imodzi, koma mwana sakhala yekha ndi munthu wophunzirira.

Mwale: Ngakhale Teach First ya ku Britain, yomwe inayamba mu 2002 potengera ya ku America, imamangirira munthu ku yunivesite ndi ku mentala wa pasukulu kuti chaka choyamba chithe ali ndi chiphaso chauphunzitsi. Njirayi yafalikira maiko ambiri kudzera ku Teach For All kuyambira 2007, Uganda ndi Nigeria ali momwemo, ndiye tsiku lina pempho lotere likhoza kufika pa tebulo la unduna. Ku America komweko ofunsira anafika pachimake mu 2013, kenako anayamba kutsika, ndipo mu 2023 bungwe la Teach For America linachepetsa antchito ake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa anayi.

Nangondo: Pempho lotero likadzafika, a bungwe la aphunzitsi la TUM ndi makomiti a sukulu adzafunse zolembedwa, osati zapakamwa. Phunziro liti ndi sukulu ziti zomwe zalephera kupeza wophunzitsidwa, ndipo umboni wake ndi uti. Maola angati munthuyo adzaphunzitse akuonereredwa asanapatsidwe kalasi. Mentala wake ndani, wachotseredwa mapiriyodi angati, ndalama yake ili pa mzere uti wa bajeti, ndipo wopereka ndalamayo akadzachoka adzalipira ndani. Komanso ndime yoletsa kumuika sitandade 1 mpaka 4 kapena kalasi ya ana olumala m'chaka choyamba.

Nachisale: Ndime ya sitandade 1 mpaka 4 ija ndi yovuta pa sukulu ya aphunzitsi anayi ndi makalasi asanu ndi atatu. A Phiri, pamenepo ahedi agawe bwanji?

Phiri: Wodziwa kwambiri atenge sitandade 1 ndi 2, poti ana ang'onowo amaweruka msanga, ndipo akaweruka alowe m'kalasi ya wongobwerayo piriyodi imodzi tsiku lililonse. Wongobwerayo ayambire sitandade 5 kapena 6, komwe ana amatha kukopera pabolodi ndi kugwira ntchito m'magulu, koma maphunziro a Chichewa ndi masamu a ana otsalira asawagwire yekha. Sitandade 8 agawane ahedi ndi wachiwiri wawo potengera maphunziro. Makolo adzadandaula kuti mphunzitsi wabwino wachoka ku kalasi ya mayeso, ndiye ahedi aitanitse msonkhano teremu isanayambe, atenge ana asanu a sitandade 4 ndi buku la sitandade 2, makolowo amve okha kawerengedwe kake.